Mbiri ya Chithandizo cha Odwala a Pamalire

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1961, mtsikana wina wa zaka 17 anagonekedwa pa chipatala cha odwala maganizo chotchedwa Institute of Living, mumzinda wa Hartford, m'dziko la America. Dzina lake linali Marsha Linehan, ndipo kwawo kunali ku Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma. Madokotala atamupima anati akudwala misala ya mtundu wa schizophrenia. Anamupatsa mankhwala amphamvu, namudutsitsa mphamvu ya magetsi m'mutu monga momwe ankachizira misala masiku amenewo, koma palibe chinasintha. Popeza ankadzivulaza kawirikawiri, ankamutsekera yekha m'kachipinda momwe munali bedi, mpando ndi kazenera kazitsulo. Pamene ankatuluka m'mwezi wa Meyi 1963, atakhalamo miyezi 26, madokotala analemba kuti iye anali mmodzi mwa odwala osokonekera kwambiri pa chipatala chonsecho.

Panalibe yemwe ankaganiza kuti mtsikanayu adzakhala mmodzi mwa anthu odzapeza njira yothandizira odwala onga iye. Koma kuti ntchito yake imveke bwino, m'pofunika kuyamba tadziwa nthenda yomwe iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti ndiyo inkamuzunza, ndi momwe madokotala anavutikira nayo kwa zaka zambiri.

Nthendayi m'Chingerezi imatchedwa borderline personality disorder. Munthu wodwala nthendayi amamva zinthu mumtima mwake mopyola muyezo. Mawu ochepa omwe anzake angawaiwale dzuwa lisanalowe, iye amamubaya ngati mkondo, ndipo mtima wake umachedwa kukhazikika. Amakhala ndi mantha aakulu akuti anthu omwe amawakonda amusiya. Lero amuona mnzake ngati mngelo, mawa amuona ngati mdani. Nthawi zina sadziwa kuti iye ndi yani ndiponso akufuna chiyani pa moyo wake, ndipo amamva ngati m'kati mwake muli mbee, mopanda kanthu. Amapsa mtima msanga, amachita zinthu mopupuluma, ndipo ambiri amadzivulaza kapena kuyesa kudzipha pofuna kuthawa ululu wa mumtimawo. Mwa anthu 100 aliwonse, mmodzi kapena awiri amakhala ndi vutoli, ndipo zizindikiro zake zimayamba kuonekera pa unyamata kapena utsikana.

Dzina la nthendayi linachokera kwa dokotala wina wa ku New York, Adolph Stern, m'chaka cha 1938. Pa nthawiyo madokotala otsatira maphunziro a Sigmund Freud ankagawa odwala maganizo m'magulu awiri. Gulu loyamba linali la anthu ovutika ndi nkhawa ndi mantha koma ozindikira bwino zomwe zikuchitika. Awa ankathandizidwa powagoneka pa mpando wautali n'kuwalola kuti alankhule zonse zobwera m'mutu mwawo, dokotala ali phee kumvetsera. Gulu lachiwiri linali la odwala misala, omwe amamva mawu kapena kuona zinthu zomwe palibe. Stern anaona kuti ena mwa odwala ake sankalowa m'gulu lililonse mwa awiriwa. Sanali amisala, komabe njira ya Freud m'malo mowathandiza inkangowonjezera mavuto awo. Iye analemba zizindikiro khumi za anthu otere, ndipo chimodzi mwa izo anachifanizira ndi kukha magazi kwa mtima. Popeza ankaoneka ngati aima pamalire a magulu awiri aja, anawatchula kuti odwala a pamalire, ndipo ndilo tanthauzo la mawu akuti borderline.

Kwa zaka pafupifupi 30 dzinali linali ngati dengu loponyamo odwala onse omwe madokotala alephera kuwamvetsa. M'chaka cha 1953, Robert Knight analemba kuti odwalawa amafuna dokotala wowalimbitsa ndi kuwaongolera pa zochitika za tsiku ndi tsiku, osati wongokhala chete. M'chaka cha 1967, Otto Kernberg anafotokoza kuti vuto lawo lalikulu ndi kulephera kusunga pamodzi zabwino ndi zoipa za munthu mmodzi, kotero kuti kwa iwo munthu amakhala wabwino kotheratu kapena woipa kotheratu. Chaka chotsatira, Roy Grinker ndi anzake ku Chicago anafalitsa zotsatira za kafukufuku woyamba wochitika mwadongosolo, atayang'anitsitsa khalidwe la odwala 51 m'chipatala. Kenaka m'chaka cha 1975, John Gunderson ndi Margaret Singer anasonkhanitsa zonse zomwe zinalembedwa, nasankhamo zizindikiro zomwe dokotala aliyense angathe kuzifufuza. Ntchito imeneyi inachititsa kuti m'chaka cha 1980 nthendayi ilowe m'buku lalikulu la matenda a maganizo la madokotala a ku America lotchedwa DSM-III. Bukuli linandandalika zizindikiro zisanu ndi zitatu, ndipo wodwala ankayenera kukhala ndi zisanu mwa izo. Chizindikiro chachisanu ndi chinayi chinawonjezedwa m'chaka cha 1994.

Tsono kukhala ndi dzina sikunatanthauze kukhala ndi mankhwala. M'malo mwake dzinalo linasanduka chitonzo. M'zipatala zambiri, wodwala akangolembedwa kuti ndi wa pamalire, anamwino ndi madokotala ankamuona ngati wovuta, wonamizira, wongofuna kuti anthu azimuyang'ana. M'chaka cha 1988, madokotala awiri a ku Britain, Glyn Lewis ndi Louis Appleby, anatumizira madokotala anzawo nkhani ya wodwala mmodzi. Ena anauzidwa kuti wodwalayo anapezekapo kale ndi vuto la umunthu, ena sanauzidwe. Omwe anauzidwa aja anamuweruza kuti ndi wosayenera kutayirapo nthawi ndiponso kuti akhoza kudziletsa atafuna, chikhalirecho nkhani inali imodzimodzi. Apa zinaonekeratu kuti dzina lokha linali lokwanira kutsekera munthu khomo la chipatala. Mankhwala a misala ndi a nkhawa ankachepetsako zizindikiro zina kwa kanthawi, koma nthenda yeniyeniyo sankaifika. Motero ambiri anagwirizana zakuti odwalawa ndi osachizika.

Chinthu china chomwe chinayamba kusintha maganizo a madokotala ndi kafukufuku wa chiyambi cha nthendayi. M'chaka cha 1989, Judith Herman ndi anzake anapeza kuti ambiri mwa odwala omwe anawafunsa anachitiridwa nkhanza ali ana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuona nkhanza m'banja mwawo. Kafukufuku wina wa ana amapasa anasonyezanso kuti chibadwa chili ndi gawo lake. Si wodwala aliyense anazunzidwa ali mwana, ndiponso si mwana aliyense wozunzidwa amadwala nthendayi. Komabe zinayamba kumveka kuti khalidwe lomwe linkatchedwa mwano kapena chinyengo linali njira ya munthu wovulala yoyesera kupulumuka.

Pa nthawi yonseyi Marsha Linehan anali pa ulendo wake. Iye ananena pambuyo pake kuti ali m'kachipinda kaja analumbira kuti akadzatuluka m'ng'anjo ya mavutoyo adzabwerera kukatulutsamo anzake. Atatuluka m'chipatala moyo sunamuyendere bwino msanga, ndipo anayesaponso kudzipha. Anapita ku Chicago komwe ankagwira ntchito pa kampani ya inshulansi usana, madzulo n'kumaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya Loyola. M'chaka cha 1967, akupemphera m'katchalitchi kena, anamva kwa nthawi yoyamba kuti angathe kudzilandira monga momwe analili, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unayamba kupeza poima. Analandira digiri ya udokotala wa maphunziro a maganizo a munthu m'chaka cha 1971, ndipo m'chaka cha 1977 anayamba kuphunzitsa pa University of Washington, mumzinda wa Seattle. Za mbiri yake ya ku Hartford sanauze anthu a kuntchito, poopa kuti ntchito yake ingadzanyozedwe.

Ku Seattle anapempha zipatala kuti zimutumizire odwala omwe zinawalephera, makamaka amayi omwe anayesapo kudzipha kambirimbiri. Poyamba anagwiritsa ntchito njira yomwe anaphunzira ku sukulu, yophunzitsa munthu kusintha khalidwe ndi kaganizidwe kake. Koma odwalawo akauzidwa kuti asinthe ankamva ngati akudzudzulidwa kuti mavuto onse ndi odzipangira okha, ndipo ankakwiya kapena kuleka kubwera. Atayesa kungowamvetsera ndi kuwalandira monga analili, iwo ankadandaula kuti sakuwathandiza pamene moyo wawo unali pa moto. Linehan anazindikira kuti zonse ziwiri n'zofunika pa nthawi imodzi: wodwala ayenera kumva kuti ululu wake ndi weniweni ndipo uli ndi chifukwa chake, komanso ayenera kuphunzira njira zatsopano zokhalira ndi moyo. Pofuna kudziwa momwe kulandira zinthu kungaphunzitsidwire, anapita kukakhala ndi aphunzitsi a kusinkhasinkha kwa chi-Zen ku California ndi ku Germany, natengako maluso awo n'kuwasiyanitsa ndi chipembedzo kuti munthu wa mpingo uliwonse athe kuwagwiritsa ntchito.

Njira yomwe inabadwa pamenepo inatchedwa Dialectical Behavior Therapy, mwachidule DBT, ndipo dzinali limanena za kulumikiza mfundo ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Maziko ake ndi akuti nthendayi imadza pamene mwana wobadwa ndi mtima womva zinthu msanga akulira pakati pa anthu omwe samvetsa kapena amapeputsa zomwe iye akumva. Mwana wotere saphunzira kutchula ndi kuugwira mtima wake, ndipo amazindikira kuti amamvedwa pokhapokha akachita zoopsa. Tsono ngati vuto ndi kusowa maluso, malusowo angathe kuphunzitsidwa monga momwe munthu amaphunzirira kuwerenga.

Chithandizochi chimatenga pafupifupi chaka chimodzi ndipo chili ndi mbali zinayi. Mbali yoyamba ndi kukumana ndi mlangizi kamodzi pa sabata. Wodwala amabwera ndi khadi lomwe walembapo tsiku ndi tsiku zomwe wamva ndi zomwe wachita. Ngati anadzivulaza, awiriwo amatsata mwatsatanetsatane zomwe zinachitika, kuyambira pa mawu kapena ganizo loyamba kufikira pa chochitikacho, kuti apeze pomwe akadatha kupatukira. Mbali yachiwiri ndi kalasi ya pagulu, momwe amaphunzira maluso a mitundu inayi: kuika maganizo pa zomwe zikuchitika pa nthawi yomweyo popanda kudziweruza, kupirira mtima ukawawa popanda kuchita zowonjezera mavuto, kuzindikira ndi kuongolera zomwe mtima ukumva, ndiponso kukhala bwino ndi anthu, monga kudziwa kupempha ndi kukana popanda kuswa ubale. Mbali yachitatu ndi yakuti wodwala amaloledwa kuimbira foni mlangizi wake zinthu zikathina, asanadzivulaze, kuti amukumbutse luso loyenera. Mbali yachinayi ndi ya alangizi okhaokha. Iwo amakumana sabata iliyonse kuti alimbikitsane ndi kukonzana, pakuti ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Linehan sanafune kuti anthu angomukhulupirira. Anasonkhanitsa amayi 44 odwala nthendayi, ndipo mwa maere theka linalandira DBT pamene theka lina linalandira chithandizo cha masiku onse. Zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 1991. Omwe analandira DBT anadzivulaza mocheperako, ambiri a iwo anakhalabe pa chithandizo chaka chonse, ndipo anagona m'chipatala masiku pafupifupi 8 pa chaka poyerekeza ndi masiku pafupifupi 39 a anzawo aja. Aka kanali koyamba kuti kafukufuku wa mtundu umenewu asonyeze kuti odwala a pamalire angathe kuthandizika. M'chaka cha 1993 iye anasindikiza mabuku awiri ofotokoza njirayi, ndipo inafalikira m'maiko ambiri.

Khomo litatseguka chotere, njira zina zinatsatira. Ku London, Anthony Bateman ndi Peter Fonagy anaona kuti wodwalayu mtima ukamutentha amataya luso loganizira zomwe zili m'maganizo mwake ndi mwa anzake. Mnzake akachedwa kuyankha, iye amatsimikiza kuti wamuda, osaganizira kuti mwina watanganidwa. Njira yawo, yotchedwa Mentalization-Based Treatment, imaphunzitsa munthu kuima kaye n'kudzifunsa ngati zomwe akuganizazo zilidi zoona. M'chaka cha 1999 anafalitsa zotsatira za odwala 38, omwe theka lawo linathandizidwa mwa njirayi kwa miyezi 18. Atawatsatira kwa zaka zisanu ndi zitatu, anapeza kuti 13 mwa 100 okha a gulu limeneli ndiwo anali akadali ndi nthendayi, poyerekeza ndi 87 mwa 100 a gulu linalo. M'chaka cha 2006, kafukufuku wa ku Netherlands anasonyeza kuti njira ya Jeffrey Young yotchedwa Schema Therapy nayonso imathandiza, ndipo otsatira Kernberg anakonza njira yawoyawo. Pozindikira kuti akatswiri a njira zimenezi ndi ochepa, Gunderson anafalitsa m'chaka cha 2014 njira yosavuta yomwe dokotala wamba angathe kuiphunzira msanga. Njira zonsezi zimasiyana, koma zimagwirizana pa mfundo zingapo: wodwala auzidwe dzina la nthenda yake mosabisa, chithandizo chikhale ndi dongosolo lodziwika, ndipo mlangizi akhale wochangamuka ndi wosathawa zinthu zikavuta.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu unapherezeka pa kafukufuku wotsatira odwala kwa zaka zambiri. Ku Montreal, m'dziko la Canada, Joel Paris anatsatira odwala kwa zaka 27 ndipo anapeza kuti ochepa kwambiri ndiwo anali akadali ndi nthendayi, ngakhale kuti pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse anali atadzipha. Pa chipatala cha McLean, pafupi ndi Boston, Mary Zanarini anayamba m'chaka cha 1992 kutsatira odwala 290, n'kumawafunsa zaka ziwiri zilizonse. Patatha zaka khumi, 93 mwa 100 anali atakhalapo zaka ziwiri kapena kuposerapo opanda zizindikiro zokwanira kutchedwa odwala. Izi zinagwetsa chikhulupiriro chakale chakuti nthendayi ndi ya moyo wonse. Komabe kafukufuku yemweyo anaonetsa chinthu china chowawa: theka lokha la odwalawo ndi lomwe linafika pokhala ndi ntchito kapena sukulu yokhazikika pamodzi ndi ubale wabwino ndi anthu. Kudzivulaza kumatha msanga, koma kusungulumwa ndi kuopa kusiyidwa kumachedwa. N'chifukwa chake madokotala anayamba kuona kuti kubwerera ku sukulu kapena ku ntchito ndi gawo la kuchira kumene.

Achibale nawonso ali ndi mbiri yawo m'nkhaniyi. Kwa nthawi yaitali makolo ankangolozedwa chala kuti ndiwo anayambitsa nthendayo, osapatsidwa thandizo lililonse, chikhalirecho ndiwo ankachezera usiku ndi wodwala. M'chaka cha 2001, achibale, odwala ndi akatswiri ku America anakhazikitsa bungwe lotchedwa National Education Alliance for Borderline Personality Disorder. Perry Hoffman ndi Alan Fruzzetti anakonza maphunziro a masabata 12 otchedwa Family Connections, omwe amaphunzitsidwa ndi achibale omwe anadutsamo kale m'mavutowa. Luso lalikulu lomwe amaphunzira ndi kuvomereza zomwe munthu akumva popanda kuvomereza choipa chomwe wachita. Mwana akalira kuti palibe womukonda, kholo silithamangira kumutsutsa kapena kumukalipira, koma limayamba lamusonyeza kuti laona kuwawa kwa mtima wake, kenaka n'kukambirana naye zoyenera kuchita mtima utazizira.

Maboma nawo anayamba kusintha. M'chaka cha 2003, boma la Britain linalengeza kuti odwala otere ku England asamabwezedwenso pa zipatala chifukwa cha dzina la nthenda yawo. M'chaka cha 2008, nyumba ya malamulo ya ku America inavomereza kuti mwezi wa Meyi ukhale wodziwitsa anthu za nthendayi. M'chaka cha 2009, bungwe lolangiza za chithandizo ku England lotchedwa NICE linanena kuti mankhwala akumwa asagwiritsidwe ntchito ngati chithandizo chenicheni cha nthendayi, koma uphungu wadongosolo. Ndipo m'chaka cha 2022, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, lomwe Malawi ndi membala wake, linayamba kugwiritsa ntchito buku latsopano la matenda lotchedwa ICD-11. Bukuli limayeza vuto la umunthu potengera kukula kwake, koma linasungabe dzina la pamalire chifukwa chithandizo chambiri chinamangidwa pa dzinalo. Mkangano wa dzinali sunathe. Ena amati n'lonyoza ndipo silifotokoza kanthu, pamene ena amati linawathandiza kudziwa kuti zomwe ankavutika nazo ndi nthenda yodziwika, osati kuipa mtima.

M'mwezi wa Juni 2011, Marsha Linehan, ali ndi zaka 68, anabwerera ku Institute of Living. Pamaso pa abale ake, madokotala ndi ena omwe anawathandizapo, anaulula kwa nthawi yoyamba kuti iye anali wodwala pa chipatala chomwecho zaka 50 m'mbuyomo. Chomwe chinamukakamiza ndi funso la wodwala wina yemwe anafuna kudziwa ngati iye anali mmodzi wa iwo, ponena kuti zikadakhala choncho, odwala onse akadapeza chiyembekezo chachikulu. Linehan anaona kuti sangapitirize kubisa. Nkhaniyi inalembedwa m'nyuzipepala ya New York Times, ndipo m'chaka cha 2020 iye anasindikiza buku la mbiri ya moyo wake.

Kuchokera pa Stern m'chaka cha 1938 kufika pa kafukufuku wa 1991 panadutsa zaka 53, ndipo m'zaka zimenezo anthu ambiri anabwezedwa pa makomo a zipatala atauzidwa kuti palibe chomwe chingachitike. Mbiriyi ikusonyeza kuti odwalawo sanali osachizika. Njira yowathandizira ndiyo inali isanapezeke. Ntchito yomwe yatsala ndi yaikulu, pakuti alangizi ophunzitsidwa bwino ndi ochepa ngakhale m'maiko olemera, ndipo chithandizo cha chaka chathunthu chimafuna ndalama ndi nthawi. Komabe chinthu chimodzi chinakhazikika. Mnyamata kapena mtsikana wodzivulaza, kapena wolankhula zofuna kudzipha, safunika kusekedwa kapena kutchedwa wonamizira. Afunika kumvetseredwa ndi kuperekezedwa ku chipatala msanga, chifukwa ambiri mwa omwe amapeza thandizo ndi kupirira zaka zovutazo amadzakhala ndi moyo womwe iwo eni amauona kuti ndi woyenera kuukhala.